MITA YOWERENGA AKABVUMVULU: MMENE MADZI OYENDA M'PAIPI APIMIDWIRA

Mtsinje wa Chongwe uli ndi eni ace ambiri. Ucokera kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, nulandira madzi a Ngwerere, a Kanakantapa ndi a Chalimbana, ndipo utatsika mapiri ukathira m'Zambezi kumalire kwa nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi. Panjira yonseyi pali ofuna madzi ace: mafamu aakulu othirira mbeu ndi makina, alimi a madimba amene atumiza tomato ndi repu kumsika wa Soweto, oweta ng'ombe, ndiponso anthu a m'tauni ya Chongwe, amene madzi ao a pa pompi atengedwa m'damu la pamtsinje womwewo.

Mvula ikagwa bwino palibe afunsa mnzace kuti watunga madzi oculuka bwanji. Mlandu uyamba mu September ndi October, pamene mtsinje usanduka mcenga ndi timaiwe ta apa ndi apo. Anthu a ku Chongwe sanaiwale zaka zimene damu lao linaphwa, mapompi nauma, madzi nabwera pa magalimoto a matanki, amai ali pamzere ndi zigubu kuyambira mbandakuca. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, cinaonetsanso kuti nkhaniyi siinathe. Pa nthawi yotere a kumunsi aloza cala a kumtunda kuti atsekereza mtsinje ndi madamu ao, a kumtunda nayankha kuti iwo atenga gawo lao lokha lololedwa. Mlandu wa madzi ngwobvuta kuuweruza, pakuti madzi amene apita sabwerera kudzacita umboni. Mboni imene itsala ndiyo nambala yolembedwa ndi cipangizo copimira.

Malamulo a dziko lino azindikira zimenezi. Lamulo la madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la Water Resources Management Authority, limene anthu alichula mwacidule kuti WARMA. Munthu wotunga madzi akumwa, ophikira ndi ocapira pakhomo pace safunika cilolezo ai. Koma wopopa madzi a mumtsinje kuti acite nao malonda ayenera kukhala ndi cikalata, ndipo cikalataco cinena muyeso wa madzi amene iye aloledwa kutenga. Kuyambira 2018 zitsime zobooledwa ndi makina nazo zilembetsedwa ku bungwe lomweli. Kumbali ya madzi a m'matauni kuli bungwe lina, NWASCO, lobadwa ndi lamulo la 1997, limene liyang'anira makampani monga Lusaka Water Supply and Sanitation Company, imene ipereka madzi ku Chongwe. Malipoti a NWASCO akhala akuonetsa caka ndi caka kuti pafupifupi theka la madzi amene makampani a dziko lino ayeretsa silibweza ndalama: ena atayika m'mapaipi obooka, ena abedwa, ena afika kwa anthu osapimidwa. Cifuniro ca bungwelo ncakuti otayikawo asapitirire gawo limodzi la magawo anai. Koma cikalata conena muyeso ndi pepala cabe ngati palibe copimira, ndipo paipi yobooka pansi pa nthaka siidziwika kufikira wina atawerenga madzi olowa ndi madzi otuluka.

Zopimira madzi zili za mitundu yambiri. Ija imene muiona pafupi ndi pompi ya pakhomo ili ndi kagudumu kapena kabokosi m'kati mwace kamene madzi akazunguza podutsa. Lero tifotokoza mtundu wina, wosadziwika kwenikweni kwa alimi, umene akatswiri auchula vortex meter. Mau akuti vortex atanthauza kabvumvulu, kaya wa mphepo kaya wa m'madzi. Ife tidzaichula mita, monga anthu acitira ndi ya magetsi. Pokamba za utali tidzanenanso mamita, koma owerenga athu adzasiyanitsa okha.

PHUNZIRO LA M'NGALANDE

Amene afuna kuimvetsa mita imeneyi safunika kupita ku yunivesite. Atenge mtengo woongoka, auzike pakati pa ngalande imene madzi ace ayenda mwamphamvu, nayang'anitsitse kumbuyo kwa mtengowo. Madzi afika, nagawika pawiri, ena kudzanja lamanja, ena kulamanzere. Munthu angaganize kuti atadutsa mtengo adzakumananso mwaulemu ndi kupitiriza ulendo. Satero ai. Madzi amene akhudza mtengo acedwa cifukwa ca kukhuzana nao, pamene anzao a kunja athamanga. Cotero a m'mbali alephera kutsata mtengo mpaka kumbuyo, nasiyana nao, napindika, nayamba kuzungulira. Kabvumvulu wamng'ono abadwa kumbali imodzi, nakula, naduka, natengedwa ndi madzi. Iye atangocoka, wina abadwa kumbali inayo, wozungulira motsutsana ndi woyambayo. Wa kumanja, wa kumanzere, wa kumanja, wa kumanzere: mizere iwiri itsika ndi madzi monga mapazi a munthu pamcenga. Mukawaza gaga kapena utuci pamwamba pa madzi mudzaiona bwino lomwe.

Gwirani mtengowo ndi zala ziwiri, ndipo mudzamva kuti unjenjemera, osati motsata madzi koma copingasa. Kabvumvulu aliyense poduka aukoka mtengo kumbali kwace. Ndico cifukwa cace bango loima lokha mumtsinje ligwedezeka kosalekeza ngakhale kulibe mphepo. Ndico cifukwa cacenso waya wa mpanda kapena wa magetsi ulira m'mwezi wa August pamene mphepo iomba: mpweya ucita kumbuyo kwa waya zomwezo zimene madzi acita kumbuyo kwa mtengo, koma mofulumira kwambiri kotero kuti khutu limva nyimbo.

Woyamba kupima kulira kumeneku anali Vincenc Strouhal, katswiri wa ku dziko la Aczech, mu 1878. Iye anamanga mawaya pa makina owazunguza mumpweya, napeza cinthu codabwitsa: kukwera kapena kutsika kwa liu sikudalira utali wa waya, kapena kukungika kwace, koma zinthu ziwiri zokha, liwiro la mphepo ndi kunenepa kwa waya. Patapita zaka zoposa 30, ku yunivesite ya Göttingen m'dziko la Germany, wophunzira wina dzina lace Karl Hiemenz anali kubvutika ndi nchito imene mphunzitsi wace, Ludwig Prandtl, anampatsa. Anaika citsulo cobulungira m'ngalande ya madzi kuti apime mmene madzi acikankhira, koma madziwo sanakhazikike. Anagwedezeka tsiku ndi tsiku. Anaganiza kuti citsulo sicinasalale, nacipala, nakonzanso ngalande, koma osaphula kanthu. Mnzace Theodore von Kármán, wobadwira ku Budapest mu 1881, anaona kuti cinthu cocitika masiku onse sicingakhale ngozi, ciyenera kukhala ndi lamulo lace. Anakhala pansi ndi masamu, ndipo mu 1911 anafotokoza cifukwa cace akabvumvulu ayenda mosinthana m'mizere iwiri. Kufikira lero mizereyi ichedwa ndi dzina lace. Zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba zionetsa mizere yomweyi m'mitambo, kumbuyo kwa zisumbu za mapiri monga Madeira ndi Canary, yotalika makilomita mazana. Asoli, amene caka ndi caka asonkhana kwa Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, angakondwe kumva kuti mitambo nayo imvera lamulo limodzi ndi madzi a m'ngalande.

Lamulolo, tikalicotsa m'cinenero ca masamu, ndi ili: madzi akayenda mtunda wokwana ngati kasanu kunenepa kwa mtengo, pabadwa akabvumvulu awiri, wa kumanja ndi wa kumanzere. Akatswiri alemba nambala 0.2, naichula nambala ya Strouhal. Madzi akathamanga kawiri, akabvumvulu abadwa kawiri kuculuka kwace pa sekondi. Akathamanga katatu, katatu. Waya wonenepa mamilimita 4 m'mphepo yothamanga mamita 10 pa sekondi ugwedezeka ka 500 pa sekondi. Mphepo ikatsika ndi theka, ka 250, ndipo liu litsika. Cokoma koposa ncakuti lamuloli silisankha. Ligwira nchito pa madzi, pa dizilo, pa mpweya ndi pa nthunzi, malinga ngati coyendaco cithamanga mokwanira ndipo sicili conanda.

M'KATI MWA MITA

Panapita zaka zambiri anthu asanasandutse nzeruyi kukhala cipangizo ca m'mafakitale. Mamita oyamba a mtunduwu anayamba kugulitsidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo kampani ya Yokogawa ya ku Japan inali imodzi ya zoyamba kuwapanga.

Mukaitenga m'manja ndi kusuzumira m'kati, mungaganize kuti mwanyengedwa. Ndi kapaipi kakafupi ka citsulo cosacita dzimbiri, ndipo pakati pace papingasa kamzati kamodzi, basi. Mulibe gudumu, mulibe cozungulira ciliconse. Kamzatiko sikobulungira ngati mtengo wathu uja. Kali ndi nkhope yafulati yoyang'ana kumene madzi acokera, ndi m'mbali mwakuthwa, kuti akabvumvulu aziduka pa malo amodzimodzi nthawi zonse. M'kati mwa kamzatiko, kapena kumbuyo kwace pang'ono, muli khutu la mita. M'mamita ambiri khutuli ndi kamwala ka mtundu wapadera kamene kakapanikizidwa katulutsa magetsi pang'ono. Abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, ndiwo anatulukira khalidwe limeneli mu 1880, ndipo aliyense amene anayatsapo moto ndi laita ija yodina, yopanda gudumu, anakagwiritsapo nchito kamwala kotere. Kabvumvulu akaduka kumanja, kamwala kakankhidwa uku. Akaduka kumanzere, kakankhidwa uko. Kukankha kulikonse kutumiza cizindikiro ca magetsi ku kabokosi kokhala pamwamba pa paipi, ndipo nchito ya kabokosiko ndi kuwerenga cabe.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Tinene kuti paipi ndi ya masentimita 10 kukamwa kwace, ndipo kamzati ndi ka masentimita 2.5. Kasanu kunenepa kwa kamzati ndi masentimita 12.5. Ndiye kuti akabvumvulu awiri akabadwa, madzi a m'paipi asendera patsogolo masentimita 12.5. Tsono cidutswa ca paipi yotere cotalika masentimita 12.5 cisunga madzi pafupifupi lita imodzi. Motero awiri alionse amene kabokosi kawerenga aimira lita imodzi yodutsa. Madzi akayenda mita imodzi pa sekondi, kabokosi kawerenga mapasa 8 pa sekondi, ndiwo malita ngati 8: cigubu ca malita 20 cidzala pa masekondi awiri ndi theka, ndipo pa ola limodzi padutsa malita oposa 28,000. Ici ndi citsanzo cophunzitsira. M'paipi yeniyeni makoma a paipi asintha nambala pang'ono, cotero opanga aiyesa mita iliyonse ndi madzi odziwika muyeso wace isanacoke ku fakitale, nalemba nambala yaceyace pa kacitsulo kokhomedwa pa mitayo. Yoikidwa bwino siphonya kuposa lita imodzi pa malita 100.

Onani tsono kumene kucokera ulemu wa mita iyi. Mita ya gudumu ikakalamba, gudumu liperepeseka, mcenga ulowa m'malo ozungulira, ndipo iyamba kuwerenga mocepa popanda wodziwa. Ya akabvumvulu iribe coperepeseka. Malinga ngati kamzati kasunga kunenepa kwace ndi kuthwa kwa m'mbali mwace, lamulo la kasanu lija silisintha. Ipirira kutentha kwakukulu, ndipo n'cifukwa cace nchito yace yaikulu pa dziko lonse ndiyo kupima nthunzi ya m'mafakitale monga ophika shuga, ofulula mowa ndi okonza mkaka, kumene gudumu silingakhale nthawi yaitali.

ZIMENE MITA IYI SIIKHOZA

Wogulitsa sadzafulumira kukuuzani zofooka zace, cotero tizinena ife.

Coyamba ndi cacikulu ncakuti siimva madzi oyenda pang'onopang'ono. Bwererani ku ngalande ija, mutseke madzi kuti azingokwawa: adzazungulira mtengo mwakacetecete, osabala akabvumvulu omveka. M'mamita ambiri madzi akatsika liwiro kufika ngati gawo limodzi la magawo atatu a mita pa sekondi, kabokosi kaleka kuwerenga, nikaonetsa ziro ngakhale madzi ali kudutsa. Ici ndico cifukwa cace mita iyi siiyenera pa pompi ya pakhomo, pamene madzi acita kudontha, ndipo siingathandize kugwira kudontha kwa usiku m'paipi yaikulu. Ndico cifukwa cacenso akatswiri kawirikawiri asankha mita yocepa kukamwa kuposa paipi, kuti madzi apanikizike ndi kuthamanga poidutsa. Munthu wogula yaikulu poganiza kuti cacikulu ndico cabwino adzapatsa mnzace madzi aulere.

Ifunanso madzi ofika mwabata. Paipi ikapindika pafupi, kapena pakakhala cotsekera cotseguka mwatheka, madzi afika ali obvunduka kale, ndipo akabvumvulu acilendo asokoneza eni malo. Opanga alamula kuti kutsogolo kwa mita kukhale paipi yoongoka yotalika ka 15 kapena ka 20 kukamwa kwace, nthawi zina koposa, ndi kumbuyo kwace kasanu. Pa paipi yathu ya masentimita 10 ndiye mamita awiri kutsogolo ndi theka la mita kumbuyo. Mitayo isamangidwe mogundana ndi injini yopopa madzi, pakuti khutu lace lingamve kunjenjemera kwa injini nkuyesa ndi madzi. Paipi ikhale yodzala. Kumene madzi abwera maola ocepa patsiku, mpweya uthamanga m'paipi madzi asanafike, ndipo nambala za nthawi imeneyo sizikhulupirika. Ifuna magetsi, a batire kapena a dzuwa ngati a ZESCO safika.

Ndipo pali matope. Madzi a Chongwe pa dzinja ndi ofiira, odzala zinyalala, ndipo Ngwerere abweretsa zonyansa za mumzinda wa Lusaka, zimene zimeretsa ndere ndi udzu wa m'madzi. Kaudzu kakakulunga pa kamzati, kamzatiko kanenepa, ndipo lamulo la kasanu lipereka yankho labodza. Pa madzi otere pali mita ina yoposa, yogwira nchito ndi maginito, imene m'kati mwace mulibe copinga ngakhale cimodzi. Nzeru yace ndi ya Michael Faraday, amene mu 1832 anayesa kupima mtsinje wa Thames ku London ndi mawaya otsitsidwa pa mlatho wa Waterloo, nalephera cifukwa zipangizo za masiku amenewo zinali zosakwanira. Makampani a madzi aikonda imeneyi pa mapaipi ao aakulu. Kuona kwathu nkwakuti m'boma la Chongwe malo oyenera mita ya akabvumvulu ndiwo paipi ya citsime cakuya imene madzi ace ndi oyera ndipo injini iwakankha pa liwiro limodzi, kapena paipi ya famu pambuyo pa sefa. Pa paipi yoyamwa mumtsinje, ai.

Mtsinje weniweni supimidwa ndi mita ya m'paipi. Pa mlatho wa Chongwe, pa mseu wa Great East, pali malo amene anchito a boma akhala akuwerengera madzi kwa zaka zambiri. Njira yace ndi ya matabwa olembedwa manambala oimikidwa m'mbali mwa mtsinje: kukwera kwa madzi kulembedwa, ndipo nthawi ndi nthawi akatswiri apima liwiro ndi kuya kuti adziwe malita amene kukwera kulikonse kuimira. Ana asagwedeze matabwa otere, ndipo akulu asawazule kukacita nao zina. Thabwa limodzi likasuntha, kuwerenga kwa miyezi kuonongeka.

MLIMI WOPANDA MITA

Alimi ambiri a madimba sadzagula mita ya mtundu uliwonse, koma nzeru imene ili m'kati mwace, ya liwiro ndi kukula kwa njira ya madzi, ndi yao yomwe. Ngati madzi atuluka pa paipi, cherani cigubu ca malita 20, muwerenge masekondi pa wochi kapena pa foni. Cikadzala pa masekondi 10, paipiyo ipereka malita 2 pa sekondi, ndiwo 7,200 pa ola. Bwerezani katatu, mutenge nambala ya pakati. Mwa njira yomweyi mungayese mita ya pakhomo: tsekani mapompi onse, lembani nambala, tungani zigubu zisanu, muone ngati yaonjeza malita 100.

Ngalande ifuna nchito yoculukirapo. Sankhani malo oongoka opanda udzu, mupime mamita 10, muzike zikhomo ziwiri. Ponyani citsononkho ca cimanga kumtunda kwa cikhomo coyamba, muwerenge masekondi kufikira cifike pa caciwiri. Tinene kuti catenga masekondi 20: ndiye kuti madzi a pamwamba ayenda theka la mita pa sekondi. Koma a pansi ndi a m'mbali acedwa cifukwa ca kukhuzana ndi dothi, cotero akatswiri acotsako gawo limodzi la magawo asanu, kutsala masentimita 40 pa sekondi. Tsopano pimani ngalande. Ngati ili masentimita 40 m'lifupi ndipo madzi ali masentimita 15 kuya kwace, culukitsani 40 ndi 15 ndi 40 uja wa liwiro, mugawe ndi 1,000. Yankho ndi malita 24 pa sekondi. Kuya kupimidwe pa malo atatu copingasa ngalande, pakuti pakati ndi pozama kuposa m'mbali.

Kangalande kotere, kamene mwana akalumpha osanyowa, kakatsegulidwa maola 10 katenga malita 864,000, ndizo zigubu 43,200. Gulu la alimi ogawana mfuleni umodzi lingasunge buku, nililemba tsiku, dzina la dimba, maola ndi malita, makamaka kuyambira August kufikira mvula yoyamba. Ndipo buku limenelo ndilo loyenera kupita nalo kwa a nyakwawa kapena kwa anchito a WARMA tsiku limene a kumunsi adzabwera kudzafunsa za madzi ao.